Mmene Ndinachizira Mtengo wa Malemu Lazalo

Amene akuti ine Zakeyo Mbewe ndimanama aimirire pompano, atchule bodza lomwe ndinanenapo chibadwire changa. Palibe? Ndiye tsekani pakamwa. Takhala pano kuyambira m'mawa kudikira alangizi, dzuwa lafika paliwombo, njinga yawo yamoto siikumveka n'komwe, ndipo inu a Sakala mwakhala mukuzungulira ndi tsamba la chimanga m'jumbo kufunsa aliyense kuti chikasuchi n'chiyani, mwafunsa ngakhale mayi wogulitsa zitumbuwa uja, koma ine amene ndakhala nanu benchi limodzi osandifunsa. Tabwera nalo kuno. Ili ndi tsamba lam'munsi, chikasu chayambira kunsonga n'kutsata pakati, ndiye kuti chimanga chanu chili ndi njala basi, kathireni feteleza wobereketsa nthaka ikadali yonyowa. Zimenezi n'zodikirira munthu wa njinga yamoto? Ine ndinachizapo mtengo umene mwendo umodzi unali kale kumanda, ukwati wanga uli lendelende pa nthambi zake.

Musaseke, a Sakala. Mukasekanso ndisiya.

Mkazi wanga woyamba atamwalira ndinakhala zaka zinayi kuno ku Zemba ndikudziphikira ndekha, mpaka ndinaona kuti utsi undipha matenda asanandipeze, ndiye ndinakafunsira Nabanda wa ku Zingalume, mayi wamasiye, wakhama, woseka ndi thupi lonse, ndipo ine munthu wa imvi, wa zidzukulu zodzaza ngolo, ndinamanga khasu ndi nkhwangwa panjinga kupita kukakhala chikamwini. Pamudzipo ndinapeza apongozi, amayi ake a Nabanda, nkhalamba yaing'ono, youma gwa, yoti ikangokhosomola nkhuku zonse zimabalalika. Mwambo mukuudziwa. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi, salankhula nawo maso ndi maso, mukakumana panjira iwe ndiwe umapatukira kutchire. Ine ndinapatuka, ndinapatukanso, mpaka minga yonse ya ku Zingalume inandidziwa dzina.

Pakati pa bwalo panali mtengo wa malalanje umene anabzala malemu a Lazalo, mwamuna woyamba wa Nabanda. Lazalo uyu sindinamuonepo, koma anandisowetsa mtendere kuposa wamoyo aliyense. Ndikalima mizere, ya Lazalo inali yowongoka. Ndikafolera nkhokwe, ya Lazalo sinkadontha. Ndikayetsemula, Lazalo ankayetsemula mwaulemu. Apongozi sankanena kwa ine, ayi, ankauza nkhuku, ankauza mtondo, ankauza chitseko, koma mokweza ndithu kuti ine ndimve ndili kukhola.

Ndiye miyezi iwiri isanathe ine chifikire, mtengo uja unayamba chikasu.

Mukumva? Mtengo umene zaka zonsezo unali wobiriwira, unadikira ine ndifike. Masamba anayamba kuyoyoka, Nabanda kusesa m'mawa, pofika masana adzazanso bwalo, ndipo mudzi wonse unagwirizana kuti malemu akukana mwamuna watsopano. Kumjigo nkhani inali yomweyo, kuchigayo yomweyo, kumaliro anthu ankasiya kulira n'kumandiyang'ana. Tsiku lina apongozi anaima pafupi ndi nkhokwe, ine ndili kuseri kwake ndikusema mpini, n'kuuza nkhokweyo kuti, "Mtengowu ukangofa, wina akumbukire njira imene anabwerera." Nabanda analowa m'nyumba n'kuyamba kulira. Ndikuuzeni zoona, ndinachita mantha. Mayi uja ndinali nditamukonda, ndipo kubwerera ku Zemba pa msinkhu wangawu, khasu panjinga, anthu akusuzumira m'mipanda, ndinaona kuti kuli bwino kufa.

Ndinayamba ndi njala, chifukwa ndi imene imavuta kawirikawiri. Ndinati mtengowu udye. Ndinatuta manyowa m'makola onse a mudzi, ngolo pa ngolo, ng'ombe zitatopa n'kugona pansi ndinaziika m'ngolo momwemo n'kukoka ndekha chingwe chili m'mano, kenako ndinaitana nkhuku zonse za ku Zingalume, zinafola mzere kuyambira pabwalo mpaka kumsewu, iliyonse kufika patsinde, kusiya chitosi chake, n'kumapita, tambala wina wamakani amene ankati alibe kanthu m'mimba ndinangomuyang'ana kamodzi, anasiya ziwiri. Ndinadikira milungu itatu. Bonongwe anamera pozungulira mpaka kufika m'chiuno, koma mtengo unangokhala chikasu chomwecho.

Ndinati kapena ndi tizilombo. Paja nsabwe za m'masamba zimabisala kunsi kwa tsamba n'kumayamwa, tsamba n'kufota n'kupindika. Ndinakwera mumtengo m'mawa Lolemba, kutembenuza tsamba lililonse, limodzilimodzi, osadumpha, ndinatsika Lachinayi ndevu zitafika pachifuwa, ndipo mumtengo monse ndinapezamo nsabwe zitatu zokha, zoonda, nthiti zikuonekera, zomwe zinandipepesa n'kunena kuti nazonso zikusamuka chifukwa mulibe chakudya. Ndinapoperabe madzi a sopo ndi tsabola kuti mtima ukhale pansi, tsabola wake woti anthu a ku Mlolo anayetsemula mlungu wathunthu osadziwa chachitika n'chiyani. Kafunseni, alipo amene akukumbukira. Mtengo osasintha.

Apa mtima unayamba kundiwawa. Ndinayang'anitsitsa timasamba tanthete takunsonga, ndinaona kuti tayera koma mitsempha yake ikadali yobiriwira, ndipo aliyense amene anasungako mitengo ya zipatso akudziwa kuti zikatero mtengo ukufuna chitsulo. Ena amakwirira misomali yadzimbiri iwiri kapena itatu. Ine iwiri ndi itatu sindiidziwa. Ndinakwirira misomali chidebe chodzaza, makasu akutha, pulawo yathunthu, unyolo wa ng'ombe, malimu a njinga, mpaka chitsulo chinachuluka pansi paja moti singano za amayi zinkasololoka zokha m'nyumba kukwawira kumtengo, njinga zodutsa pamsewu zinkakhota zokha eni ake akukuwa, ndipo mbusa wina amene ankapita kukalalikira kwina anapezeka wakumbatira tsinde, Baibulo lili uko. Ndikulumbira, ndife pano. Koma mtengo? Chikasu, a Sakala, chikasu chokhachokha, nthambi zina zayamba kuuma.

Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndinasiya kuyang'ana kumwamba, ndinagwada n'kupisa dzanja m'dothi mpaka m'chigongono. Matope! Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mvula sinagwe chiyambire Epulo, ine ndikutulutsa matope onunkha chivundi, mizu yakuda bii, ukaigwira khungu lake likusupuka. Mukumva? Mtengo sunali ndi njala, sunali ndi nsabwe, chitsulo chinalipo koma mizu yovunda singakoke kanthu. Mtengo unkamira. Koma ine ndinkathirira kamodzi pa mlungu, Nabanda analumbira kuti sanathirepo ndi kapu imodzi yomwe, nanga madzi onsewo ankachokera kuti?

Anandithandiza ndi mpini. Unathyoka ndikusosa m'munda wa thonje dzuwa lisanakwere kwambiri, ndiye ndinabwerera kumudzi pa nthawi imene aliyense amakhala ali kumunda. Nditafika kuseri kwa nkhokwe ndinamva khwaaa. Kusuzumira, apongozi, nkhalamba imene inkati siingathe kunyamula ngakhale lichero, asenza chigubu chachikulu chachikasu pamutu, akhuthula patsinde, abwerera kumjigo, abweranso, khwaaa, ine ndikuwerenga, zala zamanja zinatha, zakumapazi zinatha, ndinayamba kuwerengera mitengo ya nkhokwe. Ndipo pothirapo ankasisita tsinde n'kumati, "Imwa, Lazalo mwana wanga, imwa. Wabwerayu sangakusamale."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakwiya, komanso ndinamva chisoni, chifukwa ndinaona kuti apongozi anayamba kuthirira tsiku limene ine ndinafika, ndipo masamba akamaonjeza chikasu iwo ankaonjeza zigubu.

Tsono tandiuzani, inu anzeru, mukanatani? Matenda ndawapeza, mankhwala ndi mawu atatu okha, lekani kuthira madzi, koma wodwalitsayo ndi munthu amene sindingamuyang'ane kumaso. Ndinauza Nabanda. Anagwira pakamwa n'kuti, "Inu mukufuna ine ndikawauze amayi kuti ndiwo akupha mtengo wa malemu? Kawauzeni nokha." Ndekha! Ndinapita kwa ankhoswe, atangomva mutu wa nkhani dzino linawagwira pomwepo, anamanga nsalu kuchibwano mwezi wathunthu. Mudzi wonse wa anthu akuluakulu, palibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kukauza nkhalamba yolemera ngati thumba la makoko.

Ndiye Lamulungu, onse atapita kutchalitchi, ndinavula malaya kuseri kwa khola n'kulowa pansi ngati mfuko, kukumba ndi manja, kudutsa pansi pa khitchini, pansi pa nyumba ya apongozi, ndinamva mphaka wawo akuyenda pamwamba pa mutu wanga, mpaka ndinafika pansi pa mtengo, ndinausenza pamsana kuti usagwe, dzanja limodzi likudula mizu yovunda, linalo likufinya yotsalayo umodziumodzi monga amafinyira chitenje, mwendo ukukankha pulawo ija imene inkandipinga, kenako ndinapitiriza ngalande yanga mpaka kukatulukira kudambo, ndipo madzi amene anatuluka mmenemo anandikokolola n'kukanditaya pamwamba pa chulu, anayenda masiku atatu osaleka, lero pali dziwe, amayi amachapapo, anthu amawedzamo milamba. Ndinabwerera n'kudzaza ngalandeyo ndi miyala, pamwamba dothi, n'kusesa bwinobwino. Mmene amatuluka m'tchalitchi anandipeza ndakhala pampando ndikusoka nsapato.

Kuyambira pamenepo apongozi ankathira, madzi n'kumathawira pansi, aliyense n'kumakondwa. Koma nthambi zinali zitafa kale, ukathyola zikungoti phwa. Chouma sichidzuka. Ndinatenga sowo n'kudula mtengo wonse, kusiya chitsa chofika m'bondo. Apongozi atachiona sanalankhule ndi nkhuku, sanalankhule ndi nkhokwe, anakhala masiku awiri osadya, ndipo kukhala chete kumeneko kunandiopsa kuposa mawu awo onse. Nabanda ankangondiyang'ana ngati akuloweza nkhope yanga.

Mvula yoyamba itagwa, patsinde penipeni, pafupi ndi dothi, panatuluka mphukira. Amuna inu, kubiriwira kwake! Mbuzi yoyera ikadutsa pafupi inkatulukira uko ili yobiriwira, mphukira zinkakula ukuziona, ukakolekapo chipewa m'mawa madzulo umafuna makwerero, minga yake italiitali yoti amayi ankasokera matumba, ndipo anthu amene ankati malemu akundikana anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale kuti a Mbewe ali ndi dzanja. Ndinayenda chifuwa patsogolo zaka zitatu. Chaka chachitatucho mtengo unachita maluwa, n'kubereka mpaka nthambi kugunda pansi.

Apa ndiye mundimvetsetse, chifukwa ena amaikhotetsa nkhaniyi. Zipatso zitayamba kukhwima ndinaona kuti khungu lake ndi lokhakhala, kunsonga kuli kamchombo. Ndinakanda chimodzi n'kununkhiza, fungo la ndimu! Lazalo uja mtengo wake anaugula kuboma ku Chadiza, womezanitsa, kumtunda lalanje, kumizu ndimu. Ine ndi sowo yanga ndinadula lalanje lonse n'kutaya kudzala, zaka zitatu ndakhala ndikulera ndimu.

Tsiku lolawa zipatso zoyamba apongozi anaitana abale onse, mikeka kuyala pansi pa mtengo. Ine ndinali nditamanga kale bulangete, khasu ndi nkhwangwa panjinga, nditaiyedzeka kuseri kwa khola, ndaima patali nkhope ili kumpanda monga mwa mwambo. Ndinamva mpeni ukucheka. Ndinamva akuyamwa.

"Nabanda," anatero apongozi, "uwu si mtengo wa Lazalo. Wa Lazalo unafa, ndipo anaupha ndikumudziwa."

Ndinayamba kuyenda chambali kulowera kunjinga.

"Ndine," anapitiriza apongozi. "Madzi anga ndinkawaona akutulukira kudambo, sindine wakhungu. Uwu ndi mtengo wa amuna akowa. Kawauze amasule katundu wawo panjingapo, munthu sasiya mtengo wake pamudzi n'kumapita."

Mukumva, a Sakala? Mtengo wanga, pamudzi pa eni, ine mkamwini wa dzulodzulo, pamene Lazalo yemweyo analima zaka makumi awiri asanaloledwe kubzala chinthu chokhalitsa pabwalo paja. Nabanda anathamanga kukamasula yekha chingwe chija, akuseka, akulira, ndipo inenso ndinalira, sindibisa, nkhope ili kumpanda komweko.

Inde, ndi mandimu. Owawasa moti amene analawa tsiku limenelo ena milomo sinabwererebe m'malo mwake, ndipo lalanje pamudzi paja sitinadyenso mpaka lero. Nanga mukuseka chiyani? Ine ndati ndinachiza masamba. Za zipatso ndinatchulapo ine?