Timadontho Tofiira pa Zithunzi za Alamu Anga

Mpaka lero ndikaona kadontho kofiira, kaya pa botolo la mankhwala kaya pa kalendala, manja ndimawabisa kumbuyo. Akazi anga amaseka. Ine sindiseka nawo, chifukwa nkhaniyi imandiwawabe, ndipo ndimaumirira kuti wolakwa sindinali ndekha.

Zinali m'zaka zija munthu sunkakwera basi wopanda khadi la chipani. Ine ndinali telala, komanso mkamwini ku Magaleta. Ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi pamudzi wa eni, ndipo mtima wonse unali pa chitengwa: kutenga akazi anga ndi ana kukakhala kwathu ku Matope. Chimene chinkanditsekereza ndi mbiri. Kuchikamwiniko ankati ndine waulesi, eti mwamuna wamtundu wanji wongokhala pakhonde tsiku lonse kupalasa makina osapita kulikonse. (Koma mabuluku awo akang'ambika kumbuyo ankabwera nawo kwa waulesi yemweyo.)

Woti avomereze chitengwacho anali mwini mbumba, alamu anga a Lufeyo, achimwene awo a akazi anga. Iwowa ankakhala ku Blantyre, ntchito yawo kujambula zithunzi ndi penti. Tsiku lina kunabwera kalata yoti akutsegulira chionetsero cha zithunzi zawo, ndiye kumudzi kuchoke munthu mmodzi wokaimira banja.

"Pitani inuyo," anatero akazi anga. "Koma musakangoima ngati chitsa. Achimwene akaone okha kuti ndinu munthu wa ntchito. Zikakatha bwino, mukatchule za ku Matope zija."

Ndinametetsa tsitsi mpaka pakhungu kuti anyamata a chipani asapeze pogwira, ndinavala suti yosoka ndekha, khadi m'thumba, ulendo. Ndinafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'makutu.

Malowo anali chipinda chachikulu cha makoma oyera, zithunzi zili ndandanda. Choyamba kundikwiyitsa chinali chakuti munalibe mpando ngakhale umodzi. Anthu olemekezeka, amimba zawo, ena aimvi, onse ali chilili, tambula m'manja, kuyang'ana khoma atapendeketsa mutu n'kumang'ung'udza. Kodi mlendo umamulonjera bwanji ali chiimire? Chachiwiri, panalibe ntchito. Kwathu pakakhala zochitika mkamwini sasowa chogwira: nkhuni zowaza, mbuzi yosenda, mabenchi onyamula kutchalitchi. Apa ndinasuzumira mpaka kuseri, osaona ngakhale nkhwangwa.

Ndinapeza alamu atazunguliridwa ndi anthu a mataye. Ndinawerama n'kunong'ona, "Alamu, ndafika. Ndigwire iti?"

"Palibe, alamu. Ingomasukani, muzicheza ndi anthu."

Ndinamwetulira chamumtima. Msampha umenewu ndinkaudziwa. Kwathu mwini mbumba akati khala pansi, ndiye kuti akufuna aone ngati ukhaledi.

Ndinayamba ndi bambo wina wa jekete loyera amene ankazungulira ndi mbale yaikulu ya samusa. Ndinagwira mbaleyo mwaulemu n'kuti, "Pumani achimwene, ndine mkamwini pano."

"Bambo, siyani," anatero chonong'ona. "Mukufuna andichotse ntchito?"

Iye kukoka, ine kukoka. Samusa ziwiri zinagwa, ndipo ndinazitola msanga n'kuzibwezera m'mbale momwemo. Anandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi ake.

Ndinati chabwino, ndiyese kucheza kumene akunenako. Mayi wina wa magalasi, ataima pa chithunzi chodzaza penti yofiirira, anandifunsa, "Kodi inu chikukuuzani chiyani chithunzichi?"

"Sichikundiuza kanthu, mayi, ndikuchidziwa," ndinayankha mokweza. "Uwu ndi msewu wa ku Neno nthawi ya dzinja. Matope okhaokha. Boma linatiiwala kalekale ife."

Pamene ndinkamaliza mawu amenewa, mayi uja anali ali kale kukhoma lina, ndipo abambo atatu amene anali pafupi anasungunuka ngati mchere m'madzi. (Achinyamata simungamvetse. Masiku amenewo msewu sunkaipa. Unkangodikira kukonzedwa.)

Nditatsala ndekha ndi pamene ndinakaona. Pansi pa chithunzicho, pakona ya felemu, panali kapepala kofiira kozungulira, kukula kwake ngati batani la shati. Tsono ine ndine telala. Kaulusi kolendewera pa jekete la munthu wosamudziwa ndimakabudula tili m'basi. Ndinayang'ana chithunzi china, kadontho. Chinanso, kadontho. Mtima unandipweteka. Munthu wavutika miyezi kujambula, wina n'kubwera kudzamata zinyalala pa tsiku lake lalikulu! Koma pansi pa mtima ndinasangalalanso, poti ntchito ija inali itapezeka.

Ndi chikhadabo changa chachitali chomasulira ulusi, ndinayamba kumatula, kamodzikamodzi, n'kumakulunga m'kampango kanga kopukutira thukuta kuti ndisatayire pansi. Khoma loyamba linayera. Lachiwiri linayera. Nditabwerera koyamba kuja kuti ndikasirire ntchito yanga, ndinapeza timadontho tina tatsopano. Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinaona mtsikana wina wa diresi lalitali, kabuku m'manja, akumata kena poyera, anthu akuona, wopanda womudzudzula. Ana a m'tauni! Sindinafune kumuchititsa manyazi pagulu, ndiye ndinkangomutsata chapatali. Iye kumata, ine kumatula. Tinazungulira chipindacho kawiri.

Phokoso linabuka pa chithunzi chachikulu cha mtsinje wa Shire, chokhala ndi asodzi m'bwato. Mbali ina kunaima mayi wachizungu wa ku minda ya tiyi ku Thyolo. Mbali inayo kunaima bwana wina wamkulu wa chipani, baji ili ngwe pachifuwa. Aliyense ankati chithunzicho ndi chake.

"Ndasankha ine poyamba," anatero bwanayo, mawu ali pansipansi. "Mtsikanayu wamata chizindikiro changa ndikuona ndi maso angawa. Wachichotsa ndani? Kapena muno muli wina amene sakufuna kuti chipani chikhale ndi chithunzi?"

Mtsikana uja anayamba kulira, akuti wamata kawiri konse koma timadontho tikusowa tokha. Anthu ena anathamangira ku zithunzi zimene anasankha, ndipo nako kunabuka mikangano. Alamu anga nkhope inachita kutuwa. Anayesa kufotokoza kuti kadontho kofiira ndiye kuti chithunzi chagulidwa, mwini wake alipo, wina asachikhudze.

Mawu amenewo anandilowa ngati singano ya makina pachala. Ndinaganiza za ana anga, ndinaganiza za malo aja anthu ankapita osabwerako. Thukuta linatsika ngati ndalima ndime yonse. Ndiye ndinachita chimene munthu aliyense wotuluka thukuta amachita: ndinatulutsa kampango kaja n'kupukuta nkhope yonse, kuyambira pachipumi mpaka m'khosi.

Woyamba kundiloza anali wa samusa uja. (Ndikudziwa kuti anachita dala.) Mitu yonse inatembenuka. Ine osadziwa kanthu, ndinangoima mwaulemu, timadontho tili mbwee pachipumi, pamasaya, kena pansonga ya mphuno.

Bwana uja anandiyandikira pang'onopang'ono. "Iwe ndiwe yani?"

Anandiyankhira ndi alamu: "Pepani bwana, uyu ndi mkamwini wathu wa kumudzi. Amakonda ntchito."

Bwanayo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Kenaka mimba inayamba kugwedezeka, n'kuphulika chikhakhali. "Ndiye mkamwini wanuyu wagulidwa ndi anthu ambiri bwanji!" Bwana akaseka aliyense ankaseka, ndiye chipinda chonse chinaseka, ngakhale azungu amene sanamve n'chimodzi chomwe. Chithunzi cha Shire chinapita kwa bwanayo. Mayi wa ku Thyolo anachoka atakwiya, ndipo alamu anatha mwezi wathunthu akujambula china chomupepesera.

Munthu wanzeru akanakwera basi mwakachetechete. Ine m'mawa mwake, alamu atandiperekeza kudepoti, ndinakhosomola n'kuti, "Alamu, paja panali kankhani kena. Ka ku Matope."

Anandisuzumira kukhutu. Kenaka anatambasula dzanja, n'kumatula kadontho kamene kanatsalira kuseri kwa khutu langa, n'kukamata bwinobwino pa kolala ya suti yanga, mpaka kukadinikiza ndi chala.

"Alamu, mwaphunzira dzulo. Chokhala ndi kadontho chili ndi eni ake, sichisuntha pamene chapachikidwa. Mukapereke moni ku Magaleta."

Ndikulemba izi ndili ku Magaleta komweko, pakhonde lomwe lija, adzukulu akusewera pabwalo. Dzina la ulesi lokha linatha. Kuyambira chaka chimenecho, pakakhala ukwati kapena chinkhoswe, ndikangoti ndigwire iti, anthu amathamanga ndi mpando: "Khalani, a Kadontho, chonde khalani."

Ndimakhala, nanga n'kutani. Koma ndimafunsabe, ndipo palibe anandiyankhapo: m'chipinda chonse chija, chodzaza anthu ophunzira, analephera bwanji kulemba kachikwangwani kamodzi kokha konena kuti timadonthoti tisiyeni?