Paipi ya Kilachi ku Magodi

Nkhani iyi ndikaikumbuka, ngakhale ndili ndekha m'bafa ndimabisa nkhope. Sekani, koma ana anga asamve.

Munali m'ma nainte, nditangokwatila NyaZimba wa ku Magodi. Apongozi anga aakazi sankandifuna. Ankati anyamata a pa boma alibe ulemu. Ndiye ine ndinali pa best behaviour: kugwada, kuomba m'manja, kuwapatukila njila. Pamwambo sitinkalankhulana maso ndi maso, mawu ankadzela mwa mkazi wanga.

Tsiku lina ndinalonjeza kuwapeleka apongoziwo ku ukwati ku Mwase pa motoka yanga yakale, imene anandisiyila malemu amalume. Ndinati lelo aona kuti mwana wawo sanatayike! Koma m'mawa mwake paipi ya kilachi inaphulika, mafuta onse n'kutayikila pansi. Spare ndinali nayo, ndinamanga. Chinatsala n'kuchotsa mpweya: wina aziponda kilachi m'kati, ine ndili kunsi ndi sipanala.

Ndinaitana mlamu wanga Yotamu. Paja mlamu mumatukwanana naye, palibe mlandu.

"Ponda, iwe! Gwila! Siya!"

Poyamba zinayenda bwino. Chimene sindinadziwe n'chakuti ng'ombe zinalowa m'munda wa nshawa, Yotamu n'kuthamangila komweko, pampando n'kusiyapo amai ake. Ine ndinali kugogoda zitsulo kunsi, sindinamve kanthu.

"Ponda!"

Kilachi inangosuntha pang'ono, mwaulesi.

"Ah ah! Sunadye? Kapena mphamvu zonse unasiya kwa girlfriend wako wa ku Kasungu?"

Zii.

"Wakwiya? Banja lanu lonse ndi so! Amako anakulela ndi phala lamadzi eti?"

Apo kilachi inapondedwa mwaukali, mafuta n'kundithila kumaso.

"Eyaa! Gwila pompo, nyani wa m'nkhalango ya Lukusuzi iwe! Usasiye mpaka ndikuuze!"

Ndinamanga nati, n'kutuluka chokwawa, ndikuseka. Choyamba kuona chinali chitenje cha ku ukwati. Kenako duku. Apongozi ali khale pa sitelingi, thukuta lili kamukamu, mwendo uli pa kilachi, nkhope ataloza kumbali monga mwa mwambo. NyaZimba anali ataima potelopo ndi beseni, kukamwa kuli yasa.

Mayo ine! Ndinagwada m'mafuta momwemo. Ndinalakalaka motoka ija ikanangondigwela ndikali kunsi.

Apongozi sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukila kwa mwana wawo, n'kulankhula mwaulemu wonse:

"Uwafunse adada awa: nyani asiye tsopano, kapena agwilebe?"

Kilachi inachila, koma ku Mwase apongozi anapita pa njinga.

Musanatukwane mlamu, suzumilani kaye kuti phazi ndi la ndani.