Pempho Loima Pakona m'Chipinda Choyezera Mtima

Kwa Bwana Mkulu wa Gawo Loona za Mtima,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndine mwamuna wa mayi aja munawayendetsa pa makina a lamba wothamanga, n'kutiuza kuti ali ndi mtima wa mtsikana. Tinawaika m'manda mvula isanathe. Ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu loti achibale azidikira panja pabenchi. Ndinakhala bwino ndithu. Chitseko chili ndi kagalasi, ndiye ndinaonerera zonse ngati kanema: mawaya atawamata pachifuwa, lamba akuwonjeza liwiro, iwo akulimbikira kuti asachititse banja manyazi.

Chachiwiri, mundithokozereko bambo oyendetsa makinawo. Ndi aluso kwambiri, amatha kuyeza mtima wa munthu maso ali pafoni. Anawafunsa ngati akumva kupweteka, iwo anati ayi. Bwana, akazi anga ankati ayi ngakhale pobereka. Sakanauza munthu wachilendo wovala zoyera kuti chifuwa chikuwathina, panja pali mzere wa anthu odikira. Koma dzanja lawo linapita pansagwada, kenako paphewa lamanzere. Ndinagogoda pagalasi, ndipo namwino anandikumbutsa mwaulemu kuti pano si pamsika. Ndinali nditaiwaladi.

Chachitatu, ndayamikira kusunga nthawi kwanu. Ya nkhomaliro itangokwana makina anazimitsidwa, iwo asanatuluke ndi thukuta lenileni. Adokotala anayang'ana pepala lochokera m'makina, anamwetulira, basi tinauzidwa kuti tizipita.

Mawu anu aja anatithandizanso kunyumba. Kuyambira tsiku limenelo, akaima pakati pa masitepe atagwira pachifuwa ankangoseka, n'kumati ndi ukalamba chabe, madokotala ananena kale. Ndikati tibwerere kuchipatala, ankandifunsa kuti udokotalawo ndinauphunzira liti. Anagwa akuyanika zovala. Ndinamaliza ndine kuyanikako, mawa lake, chifukwa sindinadziwe china chochita.

Tsopano mwana wathu woyamba wayamba kubanika akangonyamula khanda lake kumsana. Mwamuitana kuti adzayende pa lamba yemweyo, m'chipinda chomwecho. Anatengera mayi ake. Akadzafunsidwa adzati ayi, adzamwetuliranso, mwinanso kupepesa kuti wakuchedwetsani.

Choncho ndagwira mwendo wanu, Bwana, mundilole ndidzalowe naye. Ndikudziwa kuti sukulu sindinapite nayo patali, ndipo mizere yokhotakhota ya pamakina anu sindingaiwerenge. Sindidzakhudza waya, sindidzafunsa funso, ngakhale mpando sindikuufuna. Ndidzaima pakona, pafupi ndi bini, manja kumbuyo. Ndidzangoyang'ana nkhope ya mwana wanga pamene akuyenda, poti zikuoneka kuti m'chipinda chanucho ntchito imeneyi ilibe mwini wake.

Ine wanu wosayenera kuyankhidwa,
Mwamuna wa malemu.