Tsiku Limene Ndinakhutchumula Thanki ya Labu

Inu amene mukuseka chisoti changa cholimbachi, sekani, mano ndi anu. Koma wotsutsa aimirire anditsutse pamaso, asamang'ung'udze m'bawomo.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito m'labu ina kuno ku Lilongwe pamodzi ndi Mayi Chirwa, mayi wa kumpoto wosakonda zoyankhulayankhula. Iwo anatha zaka akufinya mankhwala owawa kuchokera m'makungwa a mtengo, ndipo digiri yawo yonse inali m'kabotolo kamodzi. Tsiku lina wosesa anakaona ngati zotsalira, nakakhuthulira mu mgolo wa zonyansa, momwe munali maasidi, mafuta, sopo ndi tiyi wozizira wa abwana. Ndinawapeza mayi aja atakhala pansi, nsapato atavula.

"A Kamanga, basi zanga zada," anatero. "Ndibwerere kwathu."

Ndinawamvera chisoni, sindinama. Ndinati dikirani.

Ntchito yake ndi yodziwika. Zosakanikirazo umazisungunula m'mafuta opepuka a m'labu, n'kuthiramo madzi a soda, n'kukhutchumula. Soda amakokera asidi yense m'madzi, madziwo amakhala pansi, mafuta pamwamba, iwe n'kutsegula kampopi ka kunsi kwa botolo kuti madzi achoke. Kenako umathira madzi a asidi, ndipo iwowo amakoka mankhwala owawa aja. Ukawaza soda m'madziwo, mankhwalawo amatuluka. Vuto linali loti botolo lathu lagalasi linali laling'ono ngati chipanda, pomwe mgolo unali wodzaza.

Ndiye ndinakwera padenga, ndinazula thanki ya madzi, ndinakhuthuliramo mgolo wonse ndi soda yense amene anapezeka m'magolosale a ku Old Town, moti amayi anaphika therere lopanda soda mpaka mvula itagwa, ndinaisenza paphewa n'kuyamba kuikhutchumula, ndipo mphamvu yolekanitsayo inasefukira mumzinda monse, kumsika mpunga unapatukana ndi miyala wokha, tiyi wa m'maofesi a ku City Centre anasiyana ndi mkaka m'makapu momwemo, m'minibasi olipira anapezeka kutsogolo okwera ulere kumbuyo, ndipo ku Area 15 banja lina limene ankhoswe analephera kulithetsa linatha mwamtendere, aliyense atanyamula zake. Mukumva? Pali Mulungu kumwambaku.

Tsono soda akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya, ndipo lamulo lake n'loti uzitsegulira pang'onopang'ono. Ine manja onse anali pathanki, lachitatu ndilibe. Chivundikiro chinangoti phuu! Chinadutsa pamwamba pa Area 47, agalu akuchiuwa, n'kulowa m'mitambo.

Ine sindinacheuke n'komwe. Ndinachotsa madzi a soda, ndinathira a asidi, ndinakhutchumulanso, ndinatsanulira madzi apansiwo m'beseni. Nditawazamo kasoda kamene ndinasunga m'thumba, mankhwala a Mayi Chirwa anatuluka mbee, osasowa ngakhale kadontho. Tiyi wa abwana ndinawabwezera m'kapu mwawo, akali wozizira.

Mayi aja anavala nsapato zawo, kwawo sanapite. Digiri anaitenga, lero ndi adokotala. Tsiku la chikondwerero chawo anangondipatsa chisotichi n'kuloza kumwamba.

Chifukwa chivundikiro chija sichinatsikebe mpaka pano. Inu pitirizani bawo lanu mitu ili pamtunda, ine changa sindivula.