Opaleshoni ya Maso ndi Malilo a ku Chelstone

Lolemba

Zatheka! Loweluka m'mawa ndikupanga opaleshoni ya maso, ya kuwala kwa leza ija, ku kiliniki ya ku Woodlands. Mphindi zochepa chabe, magalasi n'kutsanzikana nawo basi! Ndawavala kuyambila giledi fili. Ukwati wanga ndi mwezi wamawa, ndipo pa chithunzi sindifuna kuoneka ngati ahedi.

Adokotala ndi obwela. Sondo akukwela ndeke, kubwelanso chaka chamawa. Malamulo awo mpaka Loweluka:
utsi ayi,
fumbi ayi,
pauda ayi,
kutikita maso ayi.
"Diso likafiila, sindikhudza." Zosavuta izi.

Lachiwili

Mphepo ya Ogasiti, Lusaka yonse fumbi. Ndagula magalasi osambila nawo pa msika wa Soweto, ndikuvala pamwamba pa anga. Kondakitala: "Ba sisita, dziwe mutsikila pati?" Aseke, Loweluka ndidzamuona bwinobwino.

Kuopa utsi, mbaula ndabweleketsa Ba Mwansa, neba wanga Mubemba pano pa Kabwata. Ndawauza zonse, asangalala nane. Chakudya: buledi ndi maheu.

Lachitatu

Foni. Agogo Tembo, amalume awo a amayi, atisiya ku Chelstone. Mulungu awalandile, anali munthu wabwino. Koma zaka zonsezi apilila, masiku anayi okha awakanika?

Pamalilo munthu umalowa pa geti ukulila. Ndikulila mosamala, manja kumbuyo. Anti Tisa, mkulu wa amayi: "Iwe, kulila kwanji kouma kumeneku?" Ndaonjezela.

Lachinayi

Akazi tonse kuseli, kophika. Nkhuni zaziwisi. Mphepo ikundisaka ine ndekha, ndikasamuka utsi nawo usamuka. Ntchito yanga: anyezi, thumba lathunthu!

Ndikufotokoza za opaleshoni. Anti Tisa: "Ukudwala chiyani? Anyeziwo sukuwaona?" Magalasi osambila alandidwa, akuti ndikuchititsa banja manyazi. Lelo misozi ikungotsika yokha, ndipo anti akuti tsopano ndiye ndakhala mwana wolelelwa.

Lachisanu

Tayika malilo. Mayo ine, chimbuya ndinachiiwala! Ife a kum'mawa tikafedwa, Abemba amabwela kudzatiseka ndi kutithila pauda kumaso, ndipo kukwiya kulibe. Tangobwela kumanda, ndikuona anti Tisa ayela kale mutu wonse. Ndathawila kuseli kwa tenti.

Wandipeza ndani? Ba Mwansa. Munthu yekhayo wodziwa malamulo onse anayi! "Shani, mkwatibwi? Bwela kuno tikuyeletse." Ayamba ndi kundivula magalasi mwaulemu, kuti asade. Kenako botolo lonse la pauda wa ana. Pamwamba ufa.

Ndinene chiyani? Chaka chatha pa malilo a apongozi awo ndinawathila ufa ndine, ndi madzi omwe.

Loweluka

Maso psuu, ngati ndagona ku bala. Ndatsuka, ndathila mankhwala, ndapemphela. Ku Woodlands ndafika ola lathunthu nthawi isanakwane.

Adokotala aunika diso limodzi lokha. "Mayi, mumagwila ntchito kuchigayo?" Akuti chaka chamawa.

Zandiwawa, kunena zoona. Ndalila mu basi mpaka ku Kabwata, kulila kwenikweni kumene anti ankafuna Lachitatu. Ndatikitanso maso mmene ndafunila.

Sondo

Ku Chelstone, kugawa katundu wa malemu. Amalume atenga jekete, wina wailesi, wina nsapato. Anti Tisa aitana dzina langa pamaso pa onse: "M'banja muno wovutika maso ndi uyu." Magalasi a agogo! Akuda, okhuthala, mwendo umodzi womanga ndi waya.

Kukana za malemu sikutheka. Ndawavala kuti anthu aone. Chondipweteka n'chakuti ndikuona bwino kuposa ndi anga, mpaka nyelele pa khoma.

Chabwino, pa ukwati ndivala omwewa. Ba Mwansa akuti ndisadandaule za chithunzi, nkhope sidzaoneka. Agula kale botolo lina la pauda.