Maluwa a pa Msonkhano wa Msika

Mwambi uwu unayamba motere, ana inu, ndipo wina akakuuzani kuti ndi wakale kuposa foni, mumufunse ngati analipo.

M'katawuni kena munali a Gwedeza, eni kanyuzipepala ka masamba anayi kotchedwa Liwu la Pamsika. Mkonzi anali iwo, mtolankhani iwo, wogulitsa iwo omwe. Ataona kuti ogula akuchepa, anatsegula tsamba pa Fesibuku n'kumaikapo nkhani: mtengo wa tomato, mbuzi yosowa, maliro a uje. Anthu analikonda, makamaka amayi a mumsika, moti ankati, "Kumsonkhano tikatani? Tiwerenga kwa a Gwedeza."

Kukhulupiriridwa kumeneku ndiko kunali chuma chawo chonse, koma eni ake sankakuona. Maso awo anali pa tizala tija timene anthu amaponya akakonda chinthu. Anazindikira kuti ukamayankha ndemanga iliyonse ikadali yotentha, otsatira amachuluka. Basitu, miyendo imene inkatola nkhani inapuma, ntchito n'kutsalira chala.

Tsiku lina akuluakulu a msika anaitanitsa msonkhano. A Nasibeko, akazi a a Gwedeza, ogulitsa usipa, anawapeza amuna awo pakhonde atawerama pa foni.

"Abambo ake Lonjezo, simupita kumsonkhano? Ife mabenchi sititseka, tikudalira inutu."

"Mayi, pano pali moto! Anthu akukangana za mbuzi ija. Ndikangodzukapo, azizira."

Anaitana mng'ono wawo Tobiyasi, wakabaza, bambo wa ndevu zake.

"Iwe Tobiyasi, kandimverere."

"Ndikamvere chiyani, achimwene?"

"Chimene anthu angachikonde. Zogonetsa tulo ayi. Ujambulenso."

Tobiyasi anali munthu womvera. Atalowa muholo anapeza wapampando akulankhula mokoka mawu, anthu akuyasamula. Mumtima anati, izi ndiye zogonetsa zija. Koma patebulo la akuluakulu panali maluwa apulasitiki ofiira psuu, ndipo amayi awiri pambali pake ankanong'onezana kuti maluwawo anachoka pa ukwati wa mwana wa uje osapempha. Tobiyasi anatchera khutu kumeneko mpaka msonkhano kutha.

"Achimwene, nkhani ndi maluwa!" anatero akutsika panjinga.

"Nanga wapampando wati chiyani?"

"Zinazake za madengu. Palibe anaseka."

A Gwedeza anakayikira pang'ono, poti utolankhani mwa munthu suthera limodzi. Akanafunsitsa. Koma foni inanjenjemera m'manja, ndipo analemba: MALUWA A PA MSONKHANO NGOBA? Zala zinagwa ngati matalala. Anthu a kutali, osadziwa ndi kumene msikawo unaloza, analowa m'tsambamo kudzaseka nawo.

Chonsecho zimene wapampando ananena ndi izi: msika wakale ukugwetsedwa, ndipo wofuna malo mumsika watsopano akaikepo dengu lake m'mawa mwake. Amene anapita okha kumsonkhano analawirira n'kutenga malo a pamthunzi. Amene anawerenga kwa a Gwedeza anafika ndi nkhani ya maluwa pakamwa, n'kupeza kwatsala m'mbali mwa ngalande, pamene ntchentche zimachitira misonkhano yawo.

Amayi a mumsika aja anabwera pakhonde pa a Gwedeza. Sanalalate, ndipo n'chimene chinawawa. A Nasibeko anatula dengu la usipa pamapazi pa amuna awo.

"Muuike pa tsamba lanulo, mwina zala zigula."

"Komatu amayi, taonani, otsatira achuluka kuposa kale," anatero a Gwedeza, akutukula foni.

Mayi wina wogulitsa mbatata anaiyang'ana foniyo nthawi yaitali.

"Amenewo abwera kudzaseka, achimwene. Akamva kwina kukusekedwa apita. Owerenga anu tinali ife."

Anasenza madengu awo napita. A Gwedeza anatsala ndi khamu losawadziwa, ndipo kwa nthawi yoyamba foni inalira iwo osaigwira.

Kuyambira pamenepo, kukamveka msonkhano amayi a mumsika amafunditsa mabenchi ndi ziguduli n'kupita ndi makutu awoawo. Wina akati atume mnzake, amamukoka chitenje n'kumuuza kuti, "Nyamuka wekha, mwali. Kandimverere anakanena za m'maluwa."