Galu wa Mayi Marjorie Akonda Kuyenda

Pulani idabadwira pa botolo lachinayi, ku kabala kena ka ku Chibavi. Solomon, yemwe anzake ankamutcha Injiniya chifukwa adakonzapo wailesi kamodzi, adajambulira anzake awiri, Fyson ndi Yona, patebulo nyumba ya Mayi Marjorie ya ku Katoto ndi chala chonyowa mowa.

"Lamulungu mmawa mama amakhala ku tchalitchi. TV yaikulu ngati chitseko, amwene. Vuto ndi galu basi."

"Wamtundu wanji?" adafunsa Fyson, wotchedwa Minofu ngakhale anali mafupa okhaokha. Iyeyu ankaopa ndende kuposa imfa, poti mkazi wake Peggy adalumbira kuti akangomangidwanso, Peggyyo abwerera kwawo ku Nkhata Bay.

"Bambo ake achizungu, mayi ake a ku Lupaso konkuno. Iwe Minofu ugwira galu. Ine ndi Yona tinyamula katundu."

Mbuli izi sizinkadziwa kuti Chimango, galuyo, adatenga thupi la bambo ake koma mtima wa mayi ake. Sadalumepo munthu chibadwire. Ankapesedwa ubweya, kusambitsidwa mankhwala a nkhupakupa, katemera wachiwewe osaphonya. Koma chomwe ankachikonda koposa nyama chinali kuyenda, ndipo Lamulungu lija mmawa anali asadayende.

Akubawo atadumpha mpanda, chigalu chija chidawanyambita onse atatu. Fyson adaona lamba wagalu pakhonde.

"Ndimumange asatisokoneze," adatero, namangirira mbali inayo pamkono pake mfundo ziwiri, monga katswiri.

Kwa Chimango, lamba amatanthauza chinthu chimodzi. Adakankha geti ndi mphuno, liwiro! Fyson adakokedwa m'matope a Mzuzu, nsapato imodzi kutsala m'ngalande, mpaka pomwe ulendo wa Lamulungu umathera nthawi zonse: pakhomo la tchalitchi. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingowo, anali akutuluka kumene.

"Chimango mwana wane!" adakuwa Mayi Marjorie. "Nanga imwe ndinu njani?"

Fyson adapeka bodza pomwepo. "Ndamutola atasochera, mama."

"Yewo chomene! Anthu abwino akadalipo. Tiyeni kunyumba mukamwe tiyi."

"Ayi mama, ndathamangira..."

"No, no, no. Amayi, tiyeni tonse timuthokoze dada uyu!"

Mfundo zija zidakana kumasuka. Fyson adatsogolera amayi makumi atatu akuimba nyimbo yoyamika, iye misozi ili chuchuchu. Amayi nkumati ndi kudzichepetsa.

Pageti adakumana ndi Injiniya atasenza TV pamutu, Yona ali pambuyo ndi mapoto m'thumba la pilo.

"Minofu, unali kuti iwe? Gwira uku!" adakalipa Injiniya asadaone bwino gululo.

Nyimbo idazima. Mayi Marjorie adavula magalasi, nayang'ana Fyson.

"Dada, nayonso TV inasochera?"

Amayi adawaperekeza kupolisi wapansi, maambulera ali m'mwamba. Fyson adalira njira yonse akutchula dzina la Peggy. Chimango yekha ndiye adapita akugwedeza mchira, poti sadayendepo kawiri tsiku limodzi.